Kokasangalala pa nthawi ya mliri: dziwani khomo lomwe matenda amalowera

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu tiyankhe funso lomwe makolo a muno mu Chipata amafunsa mvula ikangoyamba, mbiri ya kolera n'kumveka pa wailesi: kodi ana tiwatsekere m'nyumba, kapena tipite nawo kokapitidwa mphepo monga mwa masiku onse? Ena amati panja palibe choopsa chifukwa pamawomba mphepo. Ena amati mliri ukabuka aliyense akhale pakhomo pake. Onse awiri akulakwitsa pena pake. Matenda aliwonse ali ndi khomo lake lolowera m'thupi, ndipo banja lomwe ladziwa khomolo likhoza kutuluka m'mawa n'kubwerako madzulo lili bwinobwino.

Malo osangalalira omwe tikunena ndi omwe tili nawo kunoko. Anthu amakwera phiri la Kanjala, ena kukapemphera, ena kukangoona tauni ili m'munsi. Amakhala m'mbali mwa damu. Amadzaza David Kaunda Stadium ndi mabwalo a mpira a m'makomboni. Amatengera ana kumaloji komwe kuli akatungwe ndi madziwe osambiramo. Pa holide ena amakwera galimoto ya ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa. Kumapeto kwa Febuluwale, mvula ili mkati, khamu limakhamukira ku Mtenguleni ku Nc'wala, ndipo kumapeto kwa Ogasiti limapita ku Mkaika ku Kulamba. Malo onsewa amafanana pa chinthu chimodzi: anthu amachuluka kuposa zimbudzi ndi madzi omwe alipo.

Chisokonezo chachikulu chinabwera ndi Covid-19. Kuyambira mu Malichi 2020 tinaphunzira kuvala masiki, kutalikirana mita imodzi ndi kupaka sanitaiza, ndipo tinauzidwa kuti panja ndi pabwino kuposa m'nyumba. Zimenezo n'zoona pa matenda oyenda mu mpweya. Koma ambiri anatenga phunzirolo ngati la mliri uliwonse. Kolera siyenda mu mpweya. Imachoka m'chimbudzi cha munthu mmodzi n'kulowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, m'chakudya kapena m'manja. Mungavale masiki awiri n'kukhala nokha pansi pa mtengo wa mango, koma mukayamwa freezit yopangidwa ndi madzi a pachitsime choipitsidwa, mwaimwa kolera. Ndiye funso loyamba musanamange ulendo likhale lakuti: matenda omwe alipo tsopano ndi ati, nanga amalowera pati?

Tikhalitsa pa kolera chifukwa ndi yomwe imatibwerera dzinja ndi dzinja. Mu Januwale 2023 inabuka ku Vubwi, pa nthawi yomwe abale athu a ku Malawi anali pa mliri waukulu. Mu Okutobala chaka chomwecho inayambira ku Lusaka n'kufalikira m'zigawo, anthu oposa 700 anamwalira, National Heroes Stadium inasanduka chipatala, ndipo masukulu omwe anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Chipata ali pakati pa njira: mabasi a pa Great East Road amafika tsiku lililonse, ndipo pa Mwami anthu amaoloka usana wonse. Kuchokera pomwe munthu wameza tizilombo mpaka pomwe ayambe kudwala pamatha kupita maola 12 okha kapena masiku asanu. Choopsa koposa n'chakuti ambiri mwa omwe atenga tizilomboti sadwala n'komwe, kapena amangotsegula m'mimba pang'ono, koma amatitulutsa m'chimbudzi chawo kwa masiku angapo, nthawi zina mpaka 10. Musayembekezere kuti mumuona ndi maso munthu wa kolera pa bwalo la mpira. Akhoza kukhala yemwe akuchemerera kwambiri.

Chisankho choyamba chimachitikira pakhomo. Aliyense amene watsegula m'mimba kapena kusanza, ngakhale kamodzi kokha usiku wathawu, asapite. Mwana adzalira, inde, koma asapite, ndipo munthu wamkulu atsale naye. Ngati a Unduna wa Zaumoyo kapena a khonsolo aletsa misonkhano kapena kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu m'dera lanu, nkhani yathera pomwepo. Ngati mvula yagwa yamphamvu dzulo lake, sunthani ulendo wa m'mbali mwa damu kapena mtsinje, chifukwa madzi othamanga amakokolola zonse za m'tchire ndi za m'zimbudzi zosefukira n'kuzitsitsira kumunsi komwe mukufuna kukayala mphasa.

Madzi nyamulani anu. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lomwe likhale kunja kuyambira m'mawa mpaka madzulo liwerengere malita awiri akumwa pa munthu, kutanthauza malita 12, ndi malita ena asanu osamba m'manja. Awiriwa akhale m'zigubu zosiyana. Anthu ambiri amanyamula chigubu chimodzi cha malita asanu, chimatha dzuwa lili pamutu, kenako amatuma mwana kukatunga pa mpopi kapena pachitsime chomwe sakuchidziwa. Apa ndi pomwe maulendo ambiri amaonongekera.

Madziwo akonzedwe usiku wake kapena m'mamawa. Ngati mukuwiritsa, aleke abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Kungotulutsa nthunzi sikuwira. Azizirire mu mphika wovundikira womwewo, kenako muwathire m'chigubu chotsukidwa ndi sopo. Ngati mukuthira Clorin, klorini wa m'botolo wotetezera madzi akumwa, tsatirani muyeso wa pa chitsekero monga walembedwera pa botolo molingana ndi kukula kwa chigubu chanu, khutchumulani, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri ndi zitatu. Wina amathira n'kumwa pomwepo, mankhwala asanagwire ntchito. Wina amathira m'madzi amatope: matope amadya mphamvu ya klorini, choncho madzi otere ayambe akhazikika kapena asefedwe pa nsalu yoyera. Wina amagwiritsa ntchito botolo lomwe latha nthawi kapena lakhala padzuwa pa zenera miyezi yambiri, lomwe lasanduka madzi chabe. Madzi othiridwa bwino amamveka kafungo ka klorini pang'ono. Ana amadandaula nako, koma ndiko kamboni kanu.

Chigubu chikhale cha pakamwa pang'ono, chothira osati chotungamo. Ndowa yotsegula yomwe aliyense amaviikamo kapu imaipitsidwa ndi dzanja loyamba. Aliyense akhale ndi kapu kapena botolo lake. Ndipo musanyengedwe ndi kuyera kwa madzi a pakasupe wa m'phiri kapena a m'botolo lomwe mwagula pa njira. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Yang'anani ngati chitsekero chili chomata. Mabotolo ena amatoledwa n'kudzazidwanso. Ayisi naye musamukhulupirire: kuzizira sikupha tizilombo ta kolera mokwanira, ndipo ayisi ndi mafreezit a pakhomo amakhala abwino kapena oipa malinga ndi madzi omwe anapangira.

Tsopano za m'manja, ndipo apa tikhudza mwambo wathu. Pa chakudya timazolowera kuyendetsa beseni limodzi: ayambe bambo, kenako akuluakulu ena, ana pomalizira. Ulemu wake ndi wabwino, koma wotsiriza amasamba litsiro la onse, ndipo wotsirizayo ndi mwana wamng'ono yemwe kolera imamufooketsa msanga. Ulemu womwewo ungasungidwe pothirirana: mmodzi agwire jagi, athirire aliyense madzi oyenda, beseni likhale pansi lolandira madzi akuda okha. Sopo asasowe. Pakani kwa masekondi 20, kumbuyo kwa manja, pakati pa zala ndi m'zikhadabo, tsukuluzani, ndipo manja aume okha ndi mphepo. Musapukutire kathawulo kamodzi nonse kapena chitenje chomwe mwaberekera mwana. Kusamba kumafunika pochokera kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanagawe chakudya, musanadye, ndiponso ana akachoka pa akatungwe.

Posambira m'manja pa ulendo sipavuta kupanga. Tengani botolo la malita awiri kapena asanu, boolani kabowo kamodzi kumunsi ndi msomali wotentha, dzazani madzi n'kutseka. Mukamasula chitsekero pang'ono madzi amatuluka, mukamanga amaleka. Lipachikeni pa nthambi, sopo mum'mange pa chingwe pambali pake kuti asagwere m'dothi. Sanitaiza ndi wothandiza ngati ali ndi mowa wa 60 peresenti kapena kuposa, koma sagwira bwino pa manja a matope kapena a mafuta a nyama. Akhale wothandizira sopo, asalowe m'malo mwake.

Chakudya chabwino pa nthawi ya kolera ndi chomwe chachoka pamoto n'kulowa m'kamwa chikadali chotentha, kapena chomwe mwasenda nokha ndi manja oyera. Chimanga chootcha chomwe chachotsedwa pa mbaula inu mukuona, michopo yomwe yapsa mpaka mkati, mbatata yootcha, nthochi, malalanje: izi zilibe mlandu waukulu. Mlandu umakhala pa zoonjezera. Kabichi ndi tomato wosaphika wothira pa chipisi, mchere ndi tsabola za m'mbale yomwe aliyense amatsinamo, madzi a m'ndowa imodzi omwe atsukira mbale kuyambira m'mawa, vitumbuwa zomwe wogulitsa amazigwira ndi dzanja lomwe walandirira ndalama, mango ndi chinangwa zosendedwa kale. Munkoyo ndi thobwa zoviika kapu imodzi zisiyeni kaye mpaka mliri utadutsa. Mango omwe ana amatola pansi atsukidwe ndi madzi a klorini asanalumidwe. Mango sayambitsa kolera monga ena amanenera. Kungoti nyengo yake ndi imodzi, ndipo amagwera pa dothi lomwe madzi a mvula adutsapo.

Kamba wa kunyumba naye ali ndi msampha wake. Mpunga ndi nkhuku zophikidwa 5 koloko m'mawa, n'kutsekeredwa mu kontena, n'kudyedwa 2 koloko masana zitakhala m'galimoto yotentha, zakhala maola 9 pa kutentha komwe tizilombo timaswana bwino. Chakudya chophika chisapitirire maola awiri chili chofunda chabe. Njira zilipo ziwiri: nyamulani mbaula ndi makala mukaphike kapena kutenthetsa komweko mpaka chitulutse nthunzi paliponse, kapena nyamulani zouma monga buledi, nsawawa zokazinga, mabisiketi ndi zipatso za makoko. Mkute wa dzulo usapite nawo pa ulendo. Vundikirani zonse, pakuti ntchentche yomwe yatera pa mbale yanu simukudziwa komwe yachokera, ngakhale tonse tikhoza kulota.

Tafika pa nkhani yomwe anthu sakonda kuikamba, koma ndiyo mutu wa zonse: kodi mukadzithandiza kuti? Funsoli lifunsidwe musananyamuke. Malo omwe alibe chimbudzi si oti mukhaleko tsiku lonse ndi ana pa nthawi ya kolera. Pitani kwa ola limodzi kapena awiri, mubwerere. Komwe chimbudzi chilipo, munthu wamkulu akachione kaye. Ngati chadzaza, chasefukira, kapena n'cha madzi koma madzi ake sakutuluka, chimenecho n'choopsa kuposa kusowa kwake, chifukwa aliyense amapondamo n'kutuluka nazo ku nsapato. Mwana wamng'ono asalowe yekha, asalowe wopanda nsapato, ndipo potuluka asambitsidwe m'manja ndi munthu wamkulu. Chogwirira cha chitseko ndi pampopi ndi malo omwe manja onse osasamba amakumana.

Zikavuta m'phiri kapena kutchire, musangobisala kuseri kwa mwala. Khalani ndi kakhasu m'chikwama. Pitani mtunda wosachepera mamita 30 kuchoka pa madzi alionse, kaya ndi damu, mtsinje, chitsime kapena khwawa louma lomwe limayenda madzi mvula ikagwa. Kumbani kadzenje kakuya ngati chikhatho ndi theka, mukamaliza kwirirani ndi dothi n'kupondapo. Amene amakwera mapiri kukagona kumapemphero aganizirepo bwino: zomwe zasiyidwa pamtunda mvula imazitsitsira ku makomboni a m'munsi, komwe ambiri amamwa madzi a m'zitsime zosaya. Atsogoleri a mipingo omwe amakonza mapemphero a usiku wonse ayambe akumba dzenje lokhala ndi mpanda ndi chovundikira, asanayambe kuganiza za zokuzira mawu.

Matewera otaya ndi vuto lomwe likukula. Pali chikhulupiriro choti chimbudzi cha khanda n'chosaopsa. N'choopsa chimodzimodzi, kapena kuposa. Thewera likulungidwe, liikidwe mu pulasitiki yomanga, libwerere nanu kunyumba. Likasiyidwa pa udzu agalu amaling'amba, nkhuku zimafukula, ana amapondapo. Mwana asinthidwire pa chitenje chake chapadera, kutali ndi chakudya, ndipo madzi omutawazira asathiridwe pafupi ndi pomwe anthu akhala.

Za kusambira tinene mwachidule. Pa nthawi ya kolera ana asalowe m'damu, m'mitsinje kapena m'zithaphwi. Palibe mwana amene amasambira osamezako madzi. Madamu a Lutembwe ndi komwe tauni imadalira pa madzi, choncho si malo ochapira matewera kapena kutsukira mbale. Ngakhale kolera kulibe, madzi odikha okhala ndi nkhono amapatsa likodzo. Dziwe losambiramo la pa loji ndi labwino pokhapokha ngati klorini yake ikuyezedwa tsiku lililonse. Ngati simukuona pansi pake, kapena m'mbali mwake muli ndere zoterera, musalowetsemo mwana ngakhale mwalipira kale pa geti.

Eni malo ndi okonza zochitika, gawo lalikulu ndi lanu, chifukwa banja lingasamale chotani silingabwere ndi chimbudzi chake. Ngati mukulandira ndalama pa geti, chimbudzi, madzi ndi sopo zili mkati mwa mtengowo. Werengerani chimbudzi chimodzi pa anthu osapitirira 50, amayi kwawo abambo kwawo, ndipo pakhale munthu amene ntchito yake tsiku lonse ndi kuyeretsa ndi kudzaza madzi. Ndowa za mpopi zikhale pa geti, pa khomo la chimbudzi ndi pogulitsira zakudya. Ndowa yopanda madzi yoikidwa pa geti kuti oyendera aione ndi chinyengo chabe.

Kasakanizidwe ka klorini kamasiyana ndi ntchito yake, ndipo ambiri amangothira mwa diso. Tiyerekeze kuti muli ndi Jik wamba yemwe pa botolo palembedwa 3.5 peresenti. Madzi osamba m'manja, a 0.05 peresenti: mamililita 300 m'ndowa ya malita 20. Opukutira pansi, zitseko, mipando, matebulo ndi zogwirira za akatungwe, a 0.2 peresenti: mamililita 600 m'malita 10. Othira pa masanzi kapena chimbudzi, a 2 peresenti: makapu anayi a Jik pa makapu atatu a madzi. Ngati muli ndi klorini waufa wa HTH, supuni yaikulu imodzi yosadzaza mulu m'malita 20 ndi ya m'manja, masupuni awiri m'malita 10 ndi opukutira, masupuni awiri mu lita imodzi ndi a masanzi. Sakanizani m'ndowa za pulasitiki, osati zachitsulo, lembani pa ndowa iliyonse ntchito yake, isungeni pa mthunzi, ndipo ya m'manja ndi yopukutira muzisakaniza yatsopano m'mawa uliwonse. Palibe mwa madzi atatuwa omwe ndi akumwa. Musaphatikize Jik ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, chifukwa zimatulutsa mpweya wobanikitsa. Munthu akasanza pa bwalo, thamangitsani ana, valani magolovesi, thirani madzi a 2 peresenti mpaka masanziwo amire, dikirani mphindi 10, kenako wolani n'kukataya m'chimbudzi. Kukolopa ndi madzi wamba kumangowafalitsa. Jumping castle, nyumba yopopedwa mpweya yodumphiramo ija, yomwe ana makumi amagudubuzikamo ndi malovu ndi matewera, ipumitsidwe kufikira mliri utatha. Palibe amene angaipukute mokwanira pakati pa gulu ndi gulu.

Mliri ukakhala wa chifuwa, monga Covid-19 kapena chimfine champhamvu, nkhani imatembenuka. Apa bwalo ndi phiri ndi malo abwino ndithu, ndipo choopsa chimakhala pa njira ndi pomwe anthu athithikana: minibasi yodzaza yotseka mawindo, mzere wa pa geti, kakhumbi komwe aliyense amathawira mvula ikayamba, holo yoonetsera mpira pa TV. Yendani pansi kapena pa njinga ngati n'pafupi. M'galimoto tsegulani mawindo ndipo valani masiki yophimba mphuno ndi pakamwa. Pitani m'mawa anthu asanachuluke, yalani mphasa yanu patali mita imodzi kapena iwiri ndi banja lina. Agogo, amayi oyembekezera, odwala shuga, BP kapena TB asalowe m'chikhamu choimba ndi kukuwa. Chikuku nacho chili m'gulu la matenda oyenda mu mpweya ndipo chimafala kuposa onse: mwana wotentha thupi wa totupa asapite kosewera, ndipo khadi la ku sikelo lionedwe ngati analandira katemera onse awiri.

Opita ku Mfuwe, Luambe kapena kulikonse m'chigwa cha Luangwa ali ndi mdani wina. Mu Seputembala 2011 ku Chama mvuu zambiri zinafa ndi matenda a nyama otchedwa anthrax, anthu anadya nyama yake, oposa 500 anadwala ndipo asanu anamwalira. Nyama yomwe yafa yokha, kaya ndi mvuu, njati kapena ng'ombe, isakhudzidwe, isasendedwe, isanyamulidwe. Uzani asilikali a zanyama kapena a zoweta. Nyama yofutsa yotchipa yomwe mwaitaniridwa kuseri kwa galimoto musagule, chifukwa kuyanika ndi kufutsa sikupha njere za anthrax, ndipo wogwira nyamayo amatha kudwala asanaidye n'komwe. Chizindikiro cha pakhungu ndi chilonda chosapweteka kwenikweni chokhala ndi nkhanambo yakuda pakati, m'mbali motupa. Chimachizika ndi mankhwala a kuchipatala mukafulumira. Kuchigwa kulinso akashembe omwe amapatsa matenda a kaodzera: valani zovala zazitali za mtundu wa khaki, osati zabuluu kapena zakuda zomwe zimawakoka, ndipo gonani m'neti. Mukatentha thupi mutabwerako, auzeni adokotala komwe munapita, makamaka ngati malungo sanapezeke m'magazi.

Tibwerere ku kolera, pa ola lomwe palibe amalifuna. Wina wayamba kutsegula m'mimba muli komweko: chimbudzi chamadzimadzi, chotuwa ngati madzi otsukira mpunga, chobwera pafupipafupi, kawirikawiri popanda kupotokola, mwina ndi kusanza ndi kukokana kwa miyendo. Chomwe chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo munthu wamphamvu akhoza kutsirizika m'maola ochepa. Ndiye chifukwa chake mapaketi a ORS, Madzi a Moyo aja, asasowe m'chikwama cha ulendo. Atatu kapena anayi salemera. Paketi imodzi isungunulidwe m'madzi otetezedwa a muyeso womwe walembedwa pa paketiyo, kawirikawiri lita imodzi, osati mongoyerekeza. Ngati mulibe, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga osadzaza mulu ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Lawani: asawawe mchere kuposa misozi. Mchere wochuluka ndi woopsa kwa mwana.

Yambani kumwetsa pomwepo ndipo nyamukani kupita kuchipatala chapafupi uku akumwa. Mwana wosakwana zaka ziwiri apatsidwe kota kapena theka la kapu akangotsegula, pang'onopang'ono ndi supuni, ndipo apitirize kuyamwa. Wa zaka 2 mpaka 9 amwe theka la kapu kapena kapu yathunthu. Wamkulu amwe momwe angathere. Akasanza, dikirani mphindi 10, yambiraninso mwapang'ono. Musataye nthawi ndi makapisozi a pa kantemba, Flagyl, mankhwala oimitsa m'mimba, makala osinja kapena Coca-Cola wothira mchere, ndipo musanene kuti tione mmene kuchere. Maso olowa, khungu lomwe mukalitsina silibwerera msanga, liwombo lolowa, mawu osasa, kulephera kumwa, kusakodza, kulefuka: munthu wotere akufunika diripi, ndipo mphindi iliyonse ndi yowerengeka. Pomunyamula yalani pulasitiki pa mpando, tengani ndowa, womugwira asambe m'manja ndi sopo pafupipafupi, ndipo galimotoyo ipukutidwe ndi madzi a 0.2 peresenti isananyamule wina. Kuchipatala nenani komwe munali ndi zomwe munadya kapena kumwa, kuti azaumoyo akafike pa chitsime kapena pa mphika umenewo ena asanadwale. Palibe chochititsa manyazi pamenepa.

Katemera wa kolera wodontheza m'kamwa akafika m'dera lanu, landirani. Amachepetsa ngozi, koma sayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo ndipo sateteza kotheratu, choncho zigubu ndi sopo zinyamulidwebe.

Mukafika kunyumba, nsapato zitsale panja, aliyense asambe m'manja asanagwire chilichonse cha kukhitchini, zigubu ndi makapu zitsukidwe ndi sopo n'kuyanikidwa pa thandala, pulasitiki ya matewera itayidwe moyenera, ndipo ORS yemwe anasungunulidwa atayidwe akakwanitsa maola 24. Kenako werengani masiku asanu. Aliyense wa pa ulendowo akatsegula m'mimba mkati mwa masiku amenewa, ngakhale pakati pa usiku, msungunulireni paketi ndipo muyambe kufunafuna galimoto.

Ndife,
Ogwira ntchito zaumoyo ndi ukhondo,
Chipata